Mbuzi zanga pa kapinga wa khonsolo

Mbuzi zanga anazigwira kumanda. Ndinapita kukaona manda a malemu amuna anga, ndinapeza udzu wafika m'chiuno, mtanda osaoneka n'komwe. Ndiye ndikanatani? Ndinatenga mbuzi kuti zikadye. Asikali a khonsolo anafika, akuti ziweto siziloledwa mumzinda, n'kuziponya m'lole. Anati Lachisanu azigulitsa.

Khonsolo yathu inali itabooka thumba. Boma linatumiza munthu wake kuti aziyang'anira chilichonse, ngakhale sopo wakuchimbudzi. Anthu anamupatsa dzina loti Sizasi, poti kwake n'kudula basi. Anadula ngakhale mafuta a makina otchetchera udzu, mzinda wonse n'kusanduka tchire.

Lachinayi ndinamanga chitenje zolimba, ulendo wa kukhonsolo. Pageti ndinapeza mlonda akusinza.

"Mayi, a bwana saonana ndi anthu lero."

"Saonana ndi anthu? Nanga akuonana ndi chiyani, mbuzi zanga? Tapatukani apa, achimwene."

Anapatuka. Kuseri ndinazimva zikulira. Chakudya cha ziweto zogwidwa nachonso anali atachidula, choncho mlonda uja ankangozimangirira pa kapinga, lero pano, mawa apo.

A Sizasi ndinawapeza mu ofesi yam'mwamba, fani itazimitsidwa, thukuta lili kamukamu. Kamunthu kochepa thupi, ine ndimayesa ndi chimphona.

"Bambo inu, mukamadula mumaona? Amuna anga anakalamba akukonza mapaipi a mzinda uno. Lero agona m'tchire ngati mbewa. Ndabweretsa mbuzi kuti ziwayeretsere, inu mwaba!"

"Sitinabe, mayi. Ndi lamulo."

"Lamulolo limatchetcha?"

A Sizasi ananyamuka pampando. Anaima pawindo, kuyang'ana pansi nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti akuitana asikali. Nanenso ndinasuzumira. Kutsogolo kwa ofesi udzu unali utameza maluwa onse. Kuseri kokha, komwe kunali mbuzi, kunali see ngati mutu wometa.

"Watchetcha uku ndani?" a Sizasi anafunsa mlonda, amene anali atanditsatira kuti andigwire.

"Ndi akaidiwo, bwana," anatero mlondayo, akuloza mbuzi zanga.

A Sizasi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Mayi, zokulipirani tilibe."

"Ndani wakupemphani? Ndalama zanuzo, zimene mulibezo, khalani nazo. Ndipatseni mbuzi zanga ndi udzu."

"Zikadya maluwa?"

"Maluwa ake ati? Aonetseni."

Tinagwirizana kuti ndizizimangirira, zisamayende zokha. Poyamba kumanda, ndinatero ine, kwinako pambuyo. Anavomera. Ndinazimasula ndekha, ndipo ina yaikazi yakuda inandigunda pabondo ngati ikundifunsa komwe ndinali.

Pano mbuzi zanga zimagwira ntchito ya mzinda. Zikamaliza kumanda zimapita kubwalo la mpira, kenako kuseri kwa msika. Asikali omwe anaziponya m'lole aja ndi amene amaimitsa magalimoto tikamawoloka msewu. Wina amandipatsa moni, "Mwadzuka bwanji, a kontirakita?" Ndimamuyankha kuti asamale chipewa, zingamudyere.

Zanenepa, ziwiri zili ndi bere. Magetsi a mumsewu mwathu sakuyakabe, ndipo a Sizasi ndawauza kale kuti nkhani imeneyo ndibwera nayo. Koma mtanda wa amuna anga ukuoneka kuchokera pamsewu. Ndikakhala pamenepo chingwe chili m'manja, ndimawauza malemuwo kuti, "Bambo, mwaona? Banja lathu lalowanso ntchito kukhonsolo."