Tsamba la Opuma pa Ntchito

Eveless ankayanika zovala kuseri kwa nyumba ku Area 14 pamene mayi ake anatuluka ndi uthenga. A Davison, bambo wosaona wa m'bungwe la opuma pa ntchito, sanapite ku maliro a mnzawo amene anadziwana naye kwa zaka makumi anayi. Anamva mwambo utatha.

Zidziwitso za bungwelo zinkaikidwa pa tsamba la pa intaneti, ndipo tsambalo analikonzanso ndi Eveless mwezi wathawo. Lakale analilemba ndi a Kassimu, okonza makompyuta ku Old Town, m'chinenero cha makompyuta cha PHP. Pamsonkhano wa bungwelo Eveless analiseka tsamba lakalelo pamaso pa onse. Anati PHP ndi chinenero cha agogo, kuti ku ofesi kwawo ku City Centre ngakhale wophunzira ntchito angachite nacho manyazi, kuti tsamba la a Kassimu likuoneka ngati chikalata cha kuchipatala. Iye adzalilemba lonse m'chinenero cha JavaScript, zithunzi zizidzayenda zokha. A Kassimu anangofunsa ngati analiyesa pa foni ya a Davison. Eveless anayankha kuti sakonzera munthu mmodzi tsamba.

Atamva uthenga wa mayi akewo, Eveless anasiya zovala m'beseni, nakwera minibasi ya ku Area 4, kumene a Davison ankakhala.

Anawapeza a Davison pakhonde, a Kassimu atakhala pambali pawo, akuwawerengera zidziwitso za sabata yonse chimodzichimodzi, mosathamanga. Atamva mawu a Eveless, a Davison anatulutsa foni yawo, ija yowawerengera zolembedwa mokweza, natsegula tsambalo. Foni inati "batani, batani, batani," kenako zii.

"Ndi chinenero chanu chatsopanocho, mayi," anatero a Davison. "Chimadziwa mawu amodzi."

A Kassimu sanaseke. Ananena motsitsa kuti vuto si JavaScript ayi, chinenero chilichonse chimatheka. Iwo ankalemba dzina pa batani lililonse ndi kuika maliro pamwamba, chifukwa foniyo imayambira kumeneko kuwerenga. Anali asanauzepo munthu aliyense zimenezi, poti panalibe anafunsa.

Eveless anayang'ana nsapato zake. Anapemphera mumtima kuti mawu asamukanike, kenako anagwada pa simenti.

"Bambo Davison, ndine ndinakumanitsani maliro a anzanu. Ndikhululukireni. Nanunso a Kassimu, ndinakunyozani pagulu. Ndikhululukireni."