Chifuwa cha Loweruka

Mayi a Kanyerere anali ndi umboni, ndipo unali pakhoma poonekera: kalendala ya mitanda yofiira isanu ndi iwiri. Mtanda uliwonse unali tsiku limene mwana wawo Kanyerere, kamnyamata kazaka zisanu kosakhazikika pansi, anabanika ndi chifuwa. Yonse inagwera Loweruka. Ndipo Loweruka ndi tsiku limene bambo a mwanayo, omwe banja linatha nawo chaka chatha, ankadzamutenga m'mawa n'kumubweza dzuwa litapendeka. Mwana kungolowa m'nyumba, kutsokomola kwayamba.

"Kaya ndi fodya wawo uja, kaya ndi mphaka wa mkazi watsopanoyo, ine sindikudziwa," anauza mkulu wawo, telala, amene anadzacheza. "Koma basi, kumeneko sapitanso."

Atelala anayang'ana kalendala kwa nthawi, magalasi ali pamphuno.

"Nanga iwe, mwana akachoka, umatsala ukutani?"

"Aa, asisi, funso limenelo? Ndimagwira ntchito! Ndi tsiku lokhalo lopanda wondipondera. Ndimakutumula matiresi, kupopera mankhwala a mphemvu, kutseka mawindo kuti afike bwinobwino, kenako..."

Apo mayiwo anadzimva okha zimene ankanena. Anapsa mtima, poti munthu sakonda kupezeka m'mlandu umene wabwera kudzaweruza.

Loweruka lotsatira anakhala manja lende. Fumbi linkawayang'ana, iwo n'kumaliyang'ananso, manja akuyabwa. Kanyerere anabwera, anadya, anadumpha pampando mpaka kukalipiridwa. Chifuwa zii.

"Usavine msanga," anatero atelala. "Kamodzi n'kamodzi. Mwina zangochitika. Yesanso."

Anayesanso kawiri, ntchito ya mankhwala ataisamutsira Lolemba mwana ali kusukulu, mawindo ali pululu. Cholembera chofiira chinangokhala m'kabati.

Loweruka lachinayi bambo aja anaima pageti monga mwa nthawi zonse, patali ndithu, ngati munthu woopa galu. Sankadziwa kuti anatsala pang'ono kulandidwa mwana pa mlandu umene sanaumve n'komwe. Mayiwo anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Anamumangira mwana zingwe za nsapato, n'kumuperekeza mpaka pageti, zimene anali asanachitepo.

"Bambo a Kanyerere," anatero akuyang'ana pansi, "ngati muli ndi mpata, muzidzamutenganso Lachitatu akaweruka. Amakusowani."