Mboni ya a Ndinaiona

Achimwene anga anapatsidwa dzina loti a Ndinaiona. Anawapatsa ndi anzawo a m'gulu loonera mbalame, chifukwa kwa zaka zitatu ankanena kuti kudambo kuli mbalame yofiirira, ya mizeremizere pakhosi, imene imaima ngati bango. Lamulo la gululo ndi loti mbalame silembedwa m'buku popanda mboni. Mboni yawo inali akazi awo, alamu anga, ndipo alamuwo anatisiya. Chichokereni iwo, achimwene ankayenda okha, anthu n'kumawaseka.

Ine zinkandipweteka. Munthu wosanamapo chibadwire n'kusanduka choseketsa?

Kuzizira kutatha, mitengo itayamba kuphuka, ndinatseka shopu yanga yosokera zovala.

"Mawa ndikuperekezani," ndinatero.

"Iweyo? Ndi pakamwa pakopo? Mbalame zonse zikasamuka."

"Ndisokapo, achimwene. Ulusi ndili nawo."

M'mawa tinadutsa m'nkhalango mpaka pakamlatho ka matabwa kolowera m'mabango. Tinapeza apampando a gululo ali kale pomwepo.

"A Ndinaiona, lero mwabwera ndi loya?" anatero.

Yankho linali pamlomo, koma ndinameza. Maola awiri ndinakhala duu, udzudzu ukundidya miyendo. Kenako achimwene anatsitsa magalasi awo oonera patali.

"Tiye tizipita, mlongo wanga. Mwina anthuwa akunena zoona. Mwina ndakalamba."

Mawuwo anandilasa mtima. Ndinayang'ananso mabangowo ndili wokwiya. Mphepo inaomba, onse anawerama, koma limodzi linachedwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulumikiza mizere ya nsalu, ndiye mzere wosemphana ndi unzake sundidutsa. Ndinakoka malaya a achimwene, dzanja linalo n'kukoka jekete la apampando, ndipo ndinaloza ndi chibwano.

Bango lija linaphethira.

Linatsitsa mlomo, linaponya phazi m'madzi pang'onopang'ono, kenako linatambasula mapiko n'kudutsa pamaso pathu. Apampando anavula chipewa. Anatulutsa buku, cholembera chinawagwa kawiri.

"Pepani, bambo. Tinakulakwirani. Dzina lija lithere pano."

Achimwene anapukuta magalasi ndi malaya, misozi ikulengeza m'maso.

"Ayi, lisathe," anatero. "Muzindiitana lomwelo, ndipo muzikweza mawu."

Pobwerera ndinalankhula njira yonse, ndipo achimwene sanandiletse ngakhale kamodzi.