Wokondedwa wa Aphunzitsi Fawzi

Wadad adamenya tebulo mpaka khofi adatayikira pa mapepala a ndakatulo. M'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mabuku ku Hamra, dera la pakati pa mzinda waukulu, mudali anthu awiri okha, iye ndi Ghassan mwini sitoloyo, koma phokoso lake lidali la msika wathunthu.

Awiriwa ndiwo ankagamula mphoto ya bungwe lawo, yopita kwa wolemba bwino za amuna okondana ndi amuna anzawo kapena akazi okondana ndi akazi anzawo. Wopambana ankamusindikizira buku. Chaka chapitacho mphotoyo idapita kwa mayi wina wapabanja wa ku Paris, amene m'buku lake anthu otere onse adafa tsamba lomaliza lisadafike. Wadad adapsa mtima, ndipo sadapse pachabe. Iyeyo bambo ake adamupirikitsa pakhomo atamupeza ndi mkazi mnzake, ndiye wina adzidyera pa misozi yake? Adaumiriza lamulo loti wolemba azikhala mmodzi wa anthu oterewo, ndipo azivomera yekha ndi pakamwa pake.

Chaka chimenechi ndakatulo zoposa zonse zidachokera kumzinda wina wotchedwa Saida, kwa Fawzi, mphunzitsi wa Chiarabu, bambo wa imvi, wa mkazi ndi ana. Ghassan ankati ndakatulozo zikulankhula kwa mwamuna, ngakhale wakhungu akhoza kuona. Wadad ankati Ghassan asamapuse ngati mlendo: alakatuli a Chiarabu kuyambira makedzana amaitana wokondedwa ndi mawu oitanira mwamuna, "habibi", ngakhale akuimbira mkazi. Kwa iye, mkuluyu adalembera mkazi wake ndipo ankangofuna kuwaphimba m'maso.

Adamuitanitsa. Fawzi adafika masana a tsiku lomwelo pa basi, atavala jekete yakale, atanyamula kabokosi ka maswiti a kwawo. Wadad sadakayang'ane n'komwe.

"Aphunzitsi, tisazungulire," adatero. "Wokondedwa wa m'ndakatulozi ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Mwawerenga, mwana wanga. Mwapezamo ndani?"

"Ine si mwana wanu, ndili ndi bambo anga amene adandikana kale. Ndikufunsa za inuyo. Ndinu mmodzi wa ife kapena ayi? Mapanga awiri avumbwitsa."

Fawzi adayang'ana kuchitseko, kumene ogula mabuku ankadutsadutsa. Adalankhula motsitsa mawu kuti amaphunzitsa pa sukulu yachipembedzo, kuti mwana wake wamkazi womaliza ali pafupi kukwatiwa, ndiponso kuti mawu onenedwa ku Hamra m'mawa amafika ku Saida anthu asadadye chamasana.

"Tonse tidataya kanthu," adatero Wadad. "Inu nyama mukuifuna, koma magazi mukuwaopa."

Pamenepo mkuluyo adakwiya.

"Mwambo wa alakatuli woitana wokondedwa ndi mawu oitanira mwamuna wakhala bulangeti langa moyo wanga wonse. Ahedi adawerenga ndakatulozi, adati ndi za mkazi, adandigwira chanza. Alamu anga chimodzimodzi. Ndidabwera nazo kuno poganiza kuti aliko anthu amene angawerenge n'kumva popanda kundivula. Funso lanuli, mayi, ngakhale apolisi sadandifunsepo."

Ghassan adati basi, munthu wanena zokwanira. Wadad adati sadanene kanthu, wangozungulira ngati mmene amazungulirira m'ndakatulo zake. Akamulola iyeyu, mawa kubweranso wina wa ku Paris ndi nyimbo yomweyo ya chinsinsi, ndipo adzamukana bwanji? Apanso sankanama. Chowawa n'chakuti onse awiri, Wadad ndi Fawzi, adali ndi mabala enieni, ndipo aliyense ankaponda pa bala la mnzake.

Fawzi adasonkhanitsa mapepala ake, adapukuta khofi uja ndi mpango, n'kutuluka osatsanzika.

"Walira mvula walira matope, achemwali," adatero Ghassan. Wadad adamuuza kuti miyambi yakeyo akaigulitse kutsogolo pamodzi ndi mabuku.

Mphoto idapita kwa mnyamata wina amene adavomera mosavuta, ndipo buku lake lidali lozizira ngati tiyi wadzulo.

Patapita miyezi, m'katoni ya mabuku atsopano ochokera ku Saida mudatuluka kabuku ka Fawzi. Ghassan adakapereka kwa Wadad. Wadad adakawerenga chiimirire. Paliponse pamene padali "habibi" tsopano padalembedwa "habibati", mawu oitanira mkazi. Mizere ina inkatsimphina chifukwa cha kachidutswa kowonjezerako, koma mphunzitsi wa Chiarabu adaisiya choncho. Ndakatulo imene Wadad ankaikonda mwamseri, ya munthu woonerera mnzake akumeta ndevu pakhonde, mudalibemo.

Adatseka kabukuko, mtima ukumuwawa, osadziwanso woti amukwiyire. Ghassan adamufunsa shelefu yoti akaikepo. Wadad adangomubwezera kabukuko, ndiye Ghassan adakaika pa mabuku ogulira akwati, ndipo kadayenda malonda.