Matumba Kaye

Panali chinthu chimene Kachete anali asanauzepo munthu. Kusukulu, anzake akamafunsana za makolo, iye ankati mayi ake asanatsegule shopu yochapa zovala ankagwira ntchito mu ofesi. Linali bodza. Mayi akewo anatha zaka khumi ndi ziwiri akukolopa ndi kuchapa m'nyumba za anthu. Pa maliro awo, amalume ake atayimirira n'kunena kuti mlongo wawo anali wabizinesi chibadwire, Kachete anaona bodza lake lija litavala suti, ndipo anangowerama.

Patangopita masiku asanu, amalumewo anali atakhala kale pampando wa malemu kuseri kwa kauntala, makiyi a shopu akulira m'manja.

Malemu anali ndi lamulo limodzi. Chovala chikafika, ankatembenuza matumba ake onse mwiniwake akuona. "Matumba kaye," ankatero, kaya wabwera ndi bwana kaya ndani. Amalume analithetsa tsiku loyamba lomwe.

"Munthu watsika m'galimoto, inu n'kumamupisa m'matumba ngati mbava? Zimenezo zatha."

M'mawa wina patapita masiku angapo, bambo wina amene anasiya jekete yakuda dzana anali akumenya kauntala. Ankati chala chitatupa anavula mphete yaukwati n'kuiponya m'thumba la jeketeyo. Jekete waipeza yochapa bwino, koma m'thumba mulibe kanthu.

Amalume sanayang'ane n'komwe jeketeyo. Anatembenukira Amayi a Nsimbi, mayi wosita, yemwenso kale ankagwira ntchito m'nyumba za anthu, amene anayamba ndi malemu shopu ikadali ndi mabeseni awiri okha.

"Khuthulani chikwama chanu apa."

"Ine?" Mayiwo anaimika nsimbi pang'onopang'ono. "Zaka zisanu ndi zinayi ndili muno, bambo. Ngakhale batani sindinatolepo."

"Batani ligulidwa kuti? Anthu ozolowera m'nyumba za ena timakudziwani, manja anu sakhala phee. Mlongo wanga chisoni chinkamupusitsa. Khuthulani, kenako muone msewu."

Amayi a Nsimbi anachotsa chikwama chawo pa msomali n'kuchikhuthula. Munatuluka mpango, kabotolo ka mankhwala a miyendo, ndi pepala la mwambo wa maliro a malemu atalipinda bwinobwino.

Kachete anali pakona akupinda mashiti. Dzinali anamupatsa chifukwa ngakhale m'kalasi yankho ankalidziwa koma dzanja osakweza. Tsopano makutu ake anatentha. Manja osakhala phee? Manja omwe anasambitsa mayi ake m'chipatala, amalume akungotumiza moni pafoni?

Anakumbukira zimene mayi ake anamuuza tsiku lina akupinda limodzi nsalu zapabedi. Pa nyumba yomaliza imene anagwirako, abwana aakazi anataya ndolo imene anaiika m'thumba la khoti. Anawasecha mayi akewo, ana akuonerera, n'kuwathamangitsa. Patatha mwezi ndolo ija inapezeka mumpendero wa khoti lomwelo, itadutsa pa kabowo ka m'thumba. Palibe anabwera kudzapepesa.

Kachete anasiya shati. Anafika pakauntala n'kukoka jekete ija.

"Iwe, zisiye za akuluakulu," anatero amalume.

Kachete anangoiyala pakauntala. Anatembenuza thumba lakumanja, kenako lakumanzere. Pakona pa lachiwirilo chala chake chinalowa pa kabowo. Anayendetsa zala m'munsi mwa jekete, akufinya mpendero pang'onopang'ono monga ankachitira mayi ake, mpaka anakhudza kanthu kolimba. Anatenga sizasi, anadula ulusi utatu, ndipo mphete inagwera pakauntala n'kuzungulira kangapo isanagone.

Bambo uja anaitola msangamsanga.

"Aa, pepani bwana, ndakuvutitsani," anatero, akupereka mkono kwa amalume.

Kwa amalume! Amayi a Nsimbi anali chiimire pomwepo, katundu wawo ali mbwee pakauntala, ndipo bamboyo anatuluka osawayang'ana.

Amalume anaseka mokakamiza. "Mwaona ubwino wa sukulu? Mwanayu mutu umagwira. Watengera kwathu."

"Sizakusukulu ayi, amalume."

Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza, mpaka iye mwini anadabwa.

"Sizakusukulu. Amayi anga anali antchito a m'nyumba. Ankakolopa, ankachapa, ndipo anawachotsa ntchito ngati mmene mwachitira apa. N'kumene anaphunzira za matumbazi. Anthu amadutsa mashopu atatu kubwera kuno chifukwa muno sanatayepo kanthu, komanso wantchito wa muno sananamiziridwepo. Inu munabisa zimenezi pa maliro. Inenso ndinkabisa kusukulu, ndinkati ankagwira mu ofesi." Anaika sizasi pakauntala. "Ndinkachita nawo manyazi."

Makiyi aja anasiya kulira.

Kachete anabwezera mpango, kabotolo ndi pepala lija m'chikwama, n'kuchikoleka pa msomali wake. Amayi a Nsimbi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako ananyowetsa chala n'kuyesa nsimbi ngati ikadali yotentha.

Pakhomo panalowa mayi wina atanyamula mathalauza atatu. Amalume anangoyang'ana kumbali. Kachete analandira, n'kuyala loyamba pakauntala.

"Musapite, mayi," anatero. "Matumba kaye."