Galimoto Yokana Elube

Festus anapotokolanso kiyi. Injini inatsokomola, inakoka mpweya, kenako zii. Pampando wa pambali panali mlamu wake Elube, chikwama chili pamiyendo, ulendo wa ku Mponela.

Pakhonde apongozi a Elube anapukusa mutu. "Mwaonatu. Dzulo inakafika ku Chisepo bwinobwino. Lero akwera awa, yakana."

Galimotoyo inali ya malemu Lester, mwamuna wa Elube, mkulu wake wa Festus. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yakalekale, yopangidwira liwiro la pa tala wa ku Joni komwe anaigula. M'mapiri a Dowa inkakhula mimba pamwala uliwonse, koma mwiniwake ankaikonda ngati mwana. Lester anamwalira mwadzidzidzi, atangodandaula mutu, ndipo imfa yotere siisiya anthu chete. Galimoto itayamba kulira tsiku lina n'kukana tsiku lina, apongozi anapeza umboni womwe ankaufuna. Inkakana masiku okhawo amene Elube ali ndi ulendo. Mudzi wonse unamva kuti malemu sakufuna mkaziyo akhale pampando wawo, ndiye kuti pali chimene anawachita. Elube anali wa ku Ntchisi, wokwatiwa chitengwa, ndipo pamudzipo analibe womuyankhulira.

Festus anali ataitana kale Aroni, makaniko wa pa Dzaleka. Aroni anayesa batire, anamasula sitata, anapukuta mapulagi. Vuto linali loti ankafika masana, ndipo akangogwira kiyi galimoto inkalira ngati yatsopano.

"Imandinamiza ngati mwana woopa jakisoni," Aroni anatero tsikulo atafika. "Akaona dokotala wachira. Mayi, ulendo wanu wina ndi liti?"

"Loweruka, ku Mponela komweko," Elube anayankha motsitsa mawu.

"Ndibwera mmamawa. Musasinthe kanthu, muchite zomwe mumachita nthawi zonse."

Loweruka Aroni anafika pa njinga yamoto mame asanaume. Anapeza Elube ali ndi ndowa ndi kansanza, thovu lili mbuu pagalimoto ponse. Atamaliza kutsuka, ananyamula ndowa yodzaza n'kuikhuthulira paboneti, pomwe panali timipata totulutsira kutentha kwa injini. Madzi analowa mmenemo ngati m'sefa.

"Mumatere nthawi zonse?" Aroni anafunsa.

"Ndikakhala ndi ulendo. Bambo a ana sankalola kuti ndikwere ili ndi fumbi. Ankati mkazi wawo asatsike ali mbuu ngati wachokera kuchigayo."

"Nanga pakhomo pano wina amaitsuka?"

Festus, amene anali atangotuluka m'nyumba, anakanda kumutu. "Ine ndimangokwera."

Aroni anamuuza kuti alize. Inakana. Anatsegula boneti n'kuchotsa chivundikiro cha disitibyuta, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi. M'kati munali timadontho ta madzi, ndipo m'mbali munali mng'alu wochepa ngati tsitsi. Anapukuta ndi nsalu youma, anabwezeretsa, ndipo galimoto inalira pompo.

"Chivundikirochi chang'aluka chaposachedwa, ndi ukalamba chabe," anatero. "Madzi akalowa, moto sufika. Dzuwa likakwera amauma, n'chifukwa chake ine ndinkaipeza ili bwino. Tikaika china, muziitsuka mmene mungafunire."

Apongozi anali ataima kumbuyo, atamva zonse. Anayang'ana ndowa ija, anayang'ana mpongozi wawo. Elube anadikira, mtima ukumuwawa, ndipo sankafuna zambiri. Mawu amodzi okha akanamukwanira.

"Chabwino, ndi madzi," mayiwo anatero pomaliza. "Koma mwana wanga sanafe ndi madzi."

Anabwerera m'nyumba. Aroni anaweramira zida zake ngati sanamve, poti matenda amenewo sipanala siiwagwira. Festus anazimitsa injini.

"Alamu, musawatengere. Ndi chisoni chikuwayankhulitsa."

"Chisoni ndili nacho inenso," Elube anatero. "Ndinkaganiza kuti galimoto ndi imene ikundineneza, kuti ikachira nkhani itha. Lero ndaona kuti anandiweruza kale, galimoto anangoipeza panjira."

Anakamula kansanza kaja, anakayanika pamwala, n'kutsukuluza ndowa mosafulumira. Kenako analowa m'nyumba. Festus anaganiza kuti akukasintha zovala za ulendo wa ku Mponela. Koma anatuluka ndi chikwama chachikulu chimene anabwera nacho pa ukwati, ana ake awiri akumutsatira atavala nsapato.

"Achimwene akanakhala moyo sakanalola," Festus anatero.

"Akanakhala moyo sipakanafunika chilolezo choti ndikhale pano. Tiperekezeni ku Ntchisi, alamu. Za kusudzula akulu adzakambirana ndili kwathu."

Festus anayang'ana pazenera la mayi ake. Katani inagwedezeka, koma chitseko sichinatseguke. Ananyamula chikwamacho n'kuyamba kuchimangirira kumbuyo kwa galimoto.