Theka la Mwezi wa M'mawa

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, Mayi Phillis Kamwendo anatumizidwa kukaphunzitsa ku Chintheche kuchokera kwawo ku Dedza. Ana anachuluka moti Sitandade 3 inasowa chipinda. Ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, nyanja ikunyezimira patali kuseri kwa minda ya chinangwa.

M'mawa wina wa mu Okotobala kunatentha msanga. Mayi Kamwendo, amene dziko lotenthali linali lisanawazolowere, ankamva thupi lonse lili lende, mawu awo omwe akumveka ngati akuchokera kutsidya. Anatenga chinangwa, nachidula pakati ndi mpeni.

"Ichi chinali chimodzi. Tsopano magawo ndi awiri ofanana. Gawo lililonse ndi theka. Nenani!"

"Thekaaa," anayankha anawo mwaulesi, ena akusinza.

Anadulanso kuti aonetse kota, theka la theka, koma kamtsikana kena, Temwa, sikankayang'ana chinangwacho. Kanali kataloza kumwamba.

"Madamu, theka lina ilo!"

Pakati pa masamba, mwezi unali utatsalira pa thambo, woyera mbee, wodulidwa bwinobwino ngati ndi mpeni womwewo.

"Nanga linzake lili kuti?" anafunsa Temwa m'Chichewa chake cha Chitonga.

Mnyamata wina, Zacharia, anati linagwera m'nyanja, ada ake, ndiye kuti bambo ake, adzalikola mu ukonde pamodzi ndi usipa. Wina anati alitenga anthu opita ku Joni. Mayi Kamwendo anafuna kuwakonza, koma mtima unawathawira ku Dedza. Anaona phiri lakwawo m'nkhungu, amuna awo a Griffin akutsegula chitseko, nawonso akukweza maso kumwezi womwewu.

"Lilipo, ana anga," anatero motsitsa. "Langobisala. Mwezi ndi wathunthu ndithu, ife tikuona theka. Gonani chagada, mujambule linzakelo ndi chala."

Ana onse anagona pamchenga, tizala tikuzungulira m'mwamba, kumalizitsa mwezi. Kunali zii, kupatula njiwa imene inkalira m'chinangwa.

Ahedi, a Mhone, anatulukira ali ndi kandodo kawo, naima modabwa.

"Madamu, kodi ndi phunziro lanji limeneli?"

"Masamu, bwana."

Ahediwo anayang'ana anawo, kenako kumwamba. Atatsitsa maso anangotsokomola, nabwerera ku ofesi mwakachetechete, akuponda mosamala kuti asaponde mwendo wa mwana.